Mphika wa Pansi pa Bedi

"Kodi mafuta ophikira atha m'magolosale monse a ku Chipoka kuno, kapena athera m'nyumba muno mokha?"

A Gladys anafunsa chivundikiro cha mbale chili m'manja. M'mbalemo munali chambo chowiritsa ndi tomato ndi anyezi basi, msuzi wake wamadzimadzi, wopanda ndi kadontho komwe ka mafuta. Tionenji, mkazi wa mchimwene wawo, anali atagwada pakhomo.

"Mafuta alipo, alamu. Koma abambo a Beauty masiku ano amakonda chonchi."

"Amakonda chonchi! Mwana wa mayi anga, woti ndinamubereka kumbuyo ine, ayambe lero kukonda madzi a nsomba? Nanga mgaiwa uwu? Kodi achimwene muli kundende ife osadziwa? Tayankhulani, eni mimba."

A Godwin Masiye anasamba m'manja pang'onopang'ono, maso ali m'beseni.

"Zisiyeni, achemwali. Tiyeni tidye."

"Tidye chiyani? Dzulo tiyi wopanda shuga, buledi wopanda majarini. Dzana nyemba zongowiritsa ngati za kusukulu yogonera komweko. Nkhuku zikuikira mpaka kukhitchini, koma munthu osalawa dzira lokazinga. Taonani khosilo! Taonani lamba, mpaka kuboola ndi msomali. Iwe Tionenji, unamupeza chonchi mlongo wangayu?"

"Ayi, alamu."

"Ndiye thupi lake wapita nalo kuti?"

Tionenji anayang'ana amuna ake. Mawu amodzi okha ochokera pakamwa pawo akanathetsa zonse. Koma bambowo anatema mbamu, n'kuviika mumsuzi, n'kumeza ngati munthu wogontha. Mayiyo anadzuka n'kupita kukhitchini, kumene ankadyera yekha chikwatiwire mwana wawo Beauty ku Kasungu.

Kwathu kunyanja kuno mimba ya mwamuna ndiye satifiketi ya mkazi wake. Bambo akamayenda mimba ili patsogolo, mabatani a shati akulira, anthu amati, "Koma mayi uja amasamala." Palibe amafunsa ngati bamboyo amatha kukwera kamtunda ka kumsika osapumira panjira. A Masiye, ogula usipa wouma kugombe n'kumatumiza ku Lilongwe, anali ndi mimba yoti asodzi akaiona ikutulukira ankayamba kuitana kuti "bwana" mwini wake asanafike.

Mimba yomweyo inawagwetsa m'nyengo yotentha, pakati pa mathandala a usipa. Pachifuwa panawathina ngati wina wawakhalira. Kuchipatala cha kuboma adokotala sanawabisire kanthu. Shuga anali atakwera moti mapiritsi okha sakanathandiza, pankafunika jakisoni wa insulini m'mawa ndi madzulo. M'magazi mwawo munali mutachulukanso mafuta aja amati kolesiterolo, amene amaundana m'mitsempha yopita kumtima mpaka magazi kusowa podutsa.

"Za pachiwaya, mang'ina, zokazinga, muzisiye," anatero adokotala. "Inu mayi, mukadzaona miyendo ikutupa kapena mpweya ukuwabanika, musadzadikire mawa."

M'minibasi pobwerera a Masiye anagwira mkono wa mkazi wawo mpaka kupweteka.

"Amake Beauty, zimenezi zithere pa iwe ndi ine. Ndikadzazimva kunja, ukwati watha."

Tionenji anadziwa chimene ankaopa. Pabawo amuna amaseka kuti mwamuna wa shuga amasanduka mlongo wa mkazi wake, m'nyumba amangogonamo ngati mlendo. Ndipo alipo amuna, ine ndawaona, oopa kusekedwa pabawo kuposa kupita kumanda.

Nyumba yawo inalibe magetsi, pomwe insulini safuna kutentha. Namwino anaphunzitsa Tionenji chochita: kamphika kadothi, mchenga wa kunyanja mkati, timabotolo tokwiriridwa mpaka m'khosi, ndi madzi pang'ono tsiku lililonse kuti mchenga uzikhala wozizira. Anakaika pansi pa bedi, kumthunzi. M'mawa uliwonse tiyi asanamwedwe, ndi madzulo chakudya chisanafike, ankatseka chitseko. A Masiye, munthu wamkulu ndi ndevu zake, ankapinda shati, n'kutsinzina, n'kutembenukira kukhoma. Akamaliza ankafunsa ngati mwana, "Basi?" Tionenji ankayankha kuti, "Basi." M'nyumba imeneyo munalibenso nthawi ina imene awiriwo ankayandikana chotero.

Ndipo zinkathandiza. Bambowo anasiya kudzuka kawirikawiri kukataya madzi, anayamba kufika kugombe osaima panjira. Koma zimenezo maso a anthu saziona. Chimene anaona n'chakuti mimba yaphwa, ndipo mbiri inayenda mpaka ku Lifuwu, kumene a Gladys ankalima mpunga. Anasiya mbalame zikudya m'munda, anamanga kachikwama, n'kubwera kudzakhala.

Sikuti a Gladys anali munthu woipa mtima. Mayi awo atamwalira, ndi iwo analera Godwin, kumupatsa mutu wa nsomba iwo n'kugona ndi msuzi. Chikondi chawo chinali chimodzi chokha: kuona munthu akudya mpaka kunyambita zala. Sabata yomweyo analanda khitchini. M'mawa mazira okazinga ndi tiyi woti supuni n'kuima, masana mang'ina onona, madzulo kampango wosambira m'mafuta. A Masiye ankadya zonse, poopa kuti akakana afunsidwa chifukwa.

"Abambo a Beauty," Tionenji ananong'ona tsiku lina jakisoni ali m'manja, "auzeni achemwali anu okha. Ndi magazi anu. Zimene mukudyazi zikufafaniza zonse tachita."

"Achemwali akadziwa, Lifuwu yense wadziwa. Apita posachedwa, ingopirira."

"Kumjigo ndikafika anthu akumangoti zii. Akuti ndikukudyetsani mankhwala kuti katundu atsale m'manja mwanga. Ena akuti ndinakupatsani kachilombo."

"Pakamwa pa anthu sungapatseke. Tabaya, tiyi akuzizira."

Anabaya. Kunja kwa chipindacho analibe woti n'kumuuza. Anali mtengwa wochokera kwa Maganga, mayi ake anamwalira kalekale, ndipo Beauty akaimba foni ankangomuuza kuti onse ali bwino. Chinsinsi cha mwini chinamulemera ngati mtolo wa nkhuni zaziwisi, ndipo panalibe pakhomo poti n'kutula.

Tsiku lina atachoka kuchigayo, thumba la mgaiwa lili pamutu, anapeza anthu atadzaza pansi pa mtengo wa mango. Panali a Pitala, amalume awo a Godwin, atakhala pampando. Panali azimayi oyandikana nawo nyumba, ndi amuna angapo a pabawo amene anatsatira phokoso. Pakati pa bwalo, padzuwa lenileni, panali kamphika kake.

"Tula ufa, ubwere kuno," anatero a Gladys. "Ndimati ndisese kuchipinda kwa mlongo wanga, poti iwe umatsekako ngati kubanki. Amalume, taonani. Mphika pansi pa bedi! Mchenga wonyowa, timabotolo, masingano. Munthu wabwinobwino amasunga masingano mumphika?"

Anazula kabotolo kamodzi n'kukakweza. Mapepala a timabotoloto anali atamatuka kalekale ndi chinyezi cha mchenga. Kanangotsala kabotolo kopanda dzina, ka madzi otuwa ngati otsukira mpunga. Azimayi anabwerera m'mbuyo, wina n'kugwira mwana wake.

"Alamu, chotsani padzuwa zimenezo, ziwonongeka," anatero Tionenji asanaganize.

"Mwamva? Akuzidera nkhawa!"

"Mayi," anatero a Pitala mofatsa, "tiuzeni. N'chiyani chimenechi?"

"Ndi mankhwala a kuchipatala, amalume. Afunseni eni akewo."

Onse anatembenukira kwa a Masiye, amene anakhala pakhonde manja ali pakati pa mawondo. Anayang'ana mkazi wawo, anayang'ana amuna a pabawo aja, kenako anayang'ana pansi.

"Za pansi pa bedi ine sindizidziwa. Ndi za azimayi zimenezo."

Tionenji anatula thumba la mgaiwa pansi. Zaka zonse zija sanawayankhepo amuna ake pagulu, koma tsiku limenelo mtima unamuwawa kuposa mantha.

"Abambo a Beauty, mukundikana? Chabwino. Amalume, amuna angawa amadwala shuga. Mtima wawonso si uli bwino, m'magazi muli mafuta. Adokotala ndi amene analetsa zokazinga. Amenewo ndi mankhwala awo, ndimawabaya m'mawa ndi madzulo."

"Wavomera yekha!" anakuwa a Gladys, manja ali kumutu. "Amamubaya! Mwana wa mayi anga amabayidwa masingano m'nyumba mwake!"

Mmodzi wa amuna a pabawo anatsokomola pobisa chiseko. A Masiye anachimva. Anadzuka, anakoka thalauza lawo lokhwepa, n'kuseka nawo mokweza.

"Ine shuga? Ine Masiye? Mayi ameneyu mutu wake wasokonekera."

Nkhani inathera pomwepo. Nkhoswe wa Tionenji sanamudikire n'komwe. A Pitala anati mayiyo abwerere kaye kwawo, mitima ya anthu izizire. A Gladys ananyamula kamphika n'kukamenyetsa pamwala wotsukirapo mbale, timabotolo ndi masingano n'kukataya m'chimbudzi. Pamene Tionenji ankatuluka ndi chikwama chake, a Masiye anali m'nyumba, atatsegula wailesi.

Kwa Maganga anakalowa m'kanyumba ka malemu mayi ake, ka denga lodontha. Abale anamulandira ndi theka la mtima, pakuti mbiri ya masingano inali itafika iye asanafike. Ana akamuona ankapatuka panjira. Ankalima chinangwa yekha, kudya yekha, ndipo ankadzidzimuka kuona kuti dzanja lake likuphikabe ndiwo zopanda mafuta, pomwe woletsedwayo kunalibe. Anali wokwiya, inde, ndipo ankadziuza kuti munthu wokukana pagulu safunikanso kumuganizira. Komabe nthawi ya tiyi ikakwana, mtima unkamuuza kuti jakisoni wachedwa.

Anapeza kamphika kena kuseri kwa nyumba. Anakatsuka, n'kuthiramo mchenga wa kumtsinje. M'mawa uliwonse ankauwaza madzi, ngakhale munalibe kanthu. Ankati mwina tsiku lina bambo uja adzatsika pakabaza, manyazi atamuthera, ndipo adzapeza malo ozizira akudikira.

Patapita masabata, anakumana pamsika ndi Pauline, mayi wogulitsa nsomba wa ku Chipoka, mmodzi mwa ochepa amene ankamupatsabe moni.

"Asisi, ndinene ndisanene? Amuna anu abwerera thupi. A Gladys akuyenda nazo pamudzi ponse, akuti chichokere inu munthu wanenepa mpaka nsapato osalowa. Kugombe sakupitanso, akuti akupuma ngati bwana. Amagona chokhala pampando."

"Nsapato osalowa?"

"Eee, akuvala patapata."

Tionenji anasiya tomato amene ankasankha. Sanabwererenso kunyumba kukasintha chitenje.

Anafika ku Chipoka dzuwa lili paliwombo. A Masiye anali pakhonde pampando wa ndalema, chigubu cha madzi chili pambali, milomo itauma gwa. Nkhope inali yofufuma, koma mikono inali itatha. Ankapuma ngati munthu amene wangotula thumba la chimanga.

"Amake Beauty," anatero, ndipo anayang'ana msanga kumsewu. "Achemwali apita kukagula nyama. Akakupeza..."

"Andipeze."

Anagwada, anapinda thalauza lawo, n'kudina chala chachikulu pamsongolo. Atachotsa, panatsala dzenje, ndipo silinabwerere. Onse awiri analiyang'ana.

"Si kunenepa uku, abambo a Beauty. Ndi madzi. Mukudziwa inunso."

"Ndikudziwa." Misozi inayenderera m'ndevu. "Usiku ndikagona chagada ndimamira. Ndimafuna kupita kuchipatala, koma ndikanena kuti ndikudwala chiyani, poti ndinaseka pamaso pa anthu? Ndinakulakwira, mkazi wanga. Manyazi anandigwira."

"Manyazi anu andigoneka m'nyumba yodontha, anthu akunditcha mfiti. Koma zimenezo tikambirana mukachira. Dzukani, tikakwere galimoto."

"Mawa. Achemwali akhale atapita kutchalitchi."

"Adokotala anati tisadikire mawa."

"Iwe! Wabweranso?" A Gladys anali ataima pampanda, jumbo ya mang'ina ili m'manja. Azimayi awiri amene anali nawo anasuzumira kumbuyo kwawo. "Ukumugwira mwendo kuti utani? Munthu wangoyamba kuchira! Anthuni, taonani pamene wadina, mnofu walowa!"

Azimayi aja anaona dzenje lija, n'kuthawira kumsewu akukuwa. Pakhomo panatsala anthu atatu.

"Achemwali," anatero a Masiye. Mawu ankatuluka limodzilimodzi, mpweya ukuwathera. "Bwerani pafupi. Mkazi wanga sananame. Ndimadwala shuga. Mtimanso. Mphika munaswa uja unali wanga. Ndi umene unkandisunga."

"Wakulodza, ukuyankhula zosadziwa."

"Ndikudziwa, achemwali. Ndinakanira manyazi. Zonona zanu ndinkadya kuti musandifunse."

Jumbo ya mang'ina inagwa m'fumbi. A Gladys anayang'ana mwala wotsukirapo mbale, pamene zidutswa za mphika zinali zikadali mbwee mumchenga. Anathamangira kumsewu kukaimitsa galimoto, ndipo pokweza wodwalayo iwo ndi Tionenji anagwirizana, wina kumapewa wina kumiyendo.

Kuchipatala a Masiye anawaika pa mpweya. Tionenji ankagona pansi pambali pa bedi, a Gladys panja ndi ena odikirira odwala. Madokotala anayesetsa, koma mtima unali utatopa kale. A Masiye anamwalira m'mawa wina nthawi ya tiyi, dzanja lawo lili m'dzanja la mkazi wawo.

Pamaliro anthu anabwera ambiri, asodzi, ogula usipa, a pabawo onse. Onyamula bokosi anati linali lolemera ndithu, umboni woti munthuyo anali atabwerera thupi. M'nyumba ya siwa azimayi anakhala mothinana, koma pozungulira Tionenji panatsala malo oti n'kuyalapo mphasa. Ndi Beauty yekha anatsamira paphewa la mayi ake, naye akuyang'ana anthu mosamvetsa. Manong'onong'o ankayenda pansi pa nyimbo.

"Anali atachira bwinobwino. Atangobwera uja n'kumudina ndi chala, basi."

"Ndinaona ndi maso angawa. Mnofu unalowa, osabwereranso."

"A Gladys analipo. Si choncho, a Gladys?"

Tionenji anadzutsa mutu. M'dziko lonse munatsala munthu mmodzi yekha amene anamva mawu a malemu pakhonde paja. A Gladys anatsegula pakamwa, anayang'ana azimayi onse aja, kenako anayang'ana pansi, ndendende mmene anachitira mlongo wawo.

M'mawa mwake Tionenji akumanga chikwama cha zovala zake zotsala kuseri kwa khitchini, a Gladys anabwera mozemba, atafungatira chigubu cha mafuta ophikira chimene chinatsala pamaliro. Maso awo anali ofiira, ndipo anaoneka okalamba kuposa dzana.

"Alamu, tengani aka. Mwaonda kwambiri. Muzikathirako m'ndiwo."

"Alamu, mudzawauza anthu zimene ananena achimwene anu?"

A Gladys anayang'ana chigubu chija.

"Ndikawauza, ndiye kuti wapha mwana wa mayi anga ndani? Ine ndinkangofuna kuti adye." Anapukuta maso ndi chitenje. "Inu mukupita kwanu, kwa Maganga n'kutali. Ine anthu awa ndikhala nawo mpaka imfa."

Anaika chigubucho pafupi ndi chikwama, n'kubwerera kwa anthu.

Tionenji anafika kwa Maganga masana. Ana amene ankasewera panjira anapatukira m'chinangwa. Anatsegula kanyumba kaja, anaika chigubu cha mafuta pakona osachitsegula, n'kukhala pansi. Kamphika kanali pamalo pake, mchenga utauma mpaka kuyera. Anatunga madzi m'kapu monga mwa masiku onse, anagwada, ndipo dzanja litayamba kupendeka anakumbukira kuti palibenso wobwera. Anakhala chogwada choncho kapu ili m'manja, kenako anamwa madziwo yekha.